John Nevins Andrews: Mmishonale Amene Adanyamulidwa ndi Banja Lake

Aliyense amene adaphunzirapo mbiri ya mpingo wa Seventh-day Adventist, kaya ku Pathfinder kapena m'kalasi, amalidziwa dzina la John Nevins Andrews. Timawadziwa ngati mmishonale woyamba amene mpingo udatumiza kutsidya kwa nyanja m'chaka cha 1874, ndipo yunivesite ya Andrews ku Michigan imadziwika ndi dzina lawo. Koma pa sitima imene idanyamuka ku Boston chaka chimenecho sadakwere okha. Adali ndi mnyamata wa zaka 16 ndi mtsikana wa zaka 12, ana awo obereka, amene mayi awo adali atamwalira. Patapita zaka zisanu ndi zinayi, pamene a Andrews ankatsirizika mumzinda wa Basel, pambali pa bedi lawo padali mayi awo okalamba amene adachita kuwoloka nyanja kudzawadwazika. Mbiri ya munthu ameneyu ndi mbiri ya makolo ndi ana amene ankanyamulana mosinthana, ndipo nthawi zina katunduyo ankaposa mphamvu za womusenza.

Mwana wa m'banja losauka

John adabadwa pa 22 Julayi 1829 m'tauni ya Poland, m'chigawo cha Maine ku America, ndipo kenako banja lake lidasamukira m'tauni ya Paris m'chigawo chomwecho. Bambo ake adali Edward Andrews, mayi ake Sarah. Banjali lidali la alimi osauka. Mng'ono wake, William, adali ndi vuto la mwendo, choncho ntchito zambiri zolemetsa zinkagwera John. Sukulu sadapite nayo patali, koma mabuku sadawasiye. Ankawerenga payekha, ndipo m'kupita kwa zaka adadziphunzitsa Chigiriki, Chilatini ndi Chiheberi. Mbale wa bambo ake, Charles Andrews, adali loya komanso wandale amene adakafika ku nyumba ya malamulo ya dziko la America, ndipo njira ya zamalamulo idali yotseguka kwa mnyamata wanzeru ngati iyeyu. John adasankha njira ina.

M'chaka cha 1843 banja lonse lidalandira uthenga wa William Miller wonena kuti Yesu ali pafupi kubwera. Tsiku loyembekezeredwa, 22 Okutobala 1844, lidadutsa popanda chochitika. John adali ndi zaka 15. Kukhumudwako kudasokoneza anthu ambiri ku Paris, ndipo ena adayamba kuphunzitsa kuti kugwira ntchito ndi chizindikiro cha kusowa chikhulupiriro. Bambo Edward adatengeka nacho chiphunzitsochi. Mutu wa banja ukasiya khasu, njala siyichedwa kulowa m'nyumba, ndipo umphawi wa banjali udakula. John adakula akuona ndi maso ake kuti kholo likhoza kusokera, ndipo ana ndi amene amalipira. Komabe sadawataye bambo ake. M'chaka cha 1845 banjali lidayamba kusunga Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri litawerenga kabuku ka T. M. Preble, ndipo mu Sepitembala 1849 James ndi Ellen White pamodzi ndi Joseph Bates adachititsa msonkhano ku Paris umene udathandiza kuthetsa chisokonezo chija. Chaka chotsatira banja la White lidakhala m'nyumba ya a Edward pamene nyuzipepala ya Review and Herald inkayamba kusindikizidwa. John adali mmodzi wa olemba ake oyambirira, ali ndi zaka 21 zokha.

Kubwerera kwa makolo

Kuyambira 1850 John adayamba kuyendayenda kulalikira. Masiku amenewo mlaliki adalibe malipiro okhazikika. Ankadya zimene wapatsidwa, kugona pamene walandiridwa, ndi kuyenda m'nyengo yozizira koopsa ndi zovala zosakwanira. Masana ankalalikira, usiku ankalemba. Adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1853, koma pofika 1855 thupi lidali litakana. Maso ankavuta, mawu ankatha, mphamvu padalibe. Mnyamata wa zaka 25 amene mpingo unkamudalira adalibe kwina kopita koma kwa makolo ake.

Makolowo adamulandira ngakhale iwo eni adalibe kanthu. Chakumapeto kwa 1855 banja lonse lidasamukira ku Waukon, m'chigawo cha Iowa, kumene nthaka idali yachonde. Kumeneko John adagwira ntchito za kumunda ndi za m'sitolo, ndipo thanzi lake lidayamba kubwerera pang'onopang'ono. Chaka chomwecho adali atamaliza kafukufuku wa m'Baibulo wosonyeza kuti Sabata limayamba dzuwa likamalowa, osati 6 koloko madzulo monga ambiri ankachitira, ndipo mpingo udalandira mfundoyi.

Ku Waukon komweko, pa 29 Okutobala 1856, adakwatira Angeline Stevens, amene adakulira naye limodzi ku Paris. Mu Disembala chaka chomwecho James ndi Ellen White adayenda ulendo woopsa, kuwoloka mtsinje wa Mississippi pamwamba pa madzi oundana, kudzalimbikitsa okhulupirira a ku Waukon amene adali atazirala. Patapita nthawi a Andrews adabwereranso ku ntchito yolalikira. Kubwererako kudatheka chifukwa kumbuyo kudali anthu: mkazi wawo, makolo awo ndi apongozi awo ankalima ndi kulera ana pamene iwo adali kutali.

Nyumba ya bambo woyendayenda

Mwana woyamba, Charles Melville, adabadwa m'chaka cha 1857, ndipo Mary Frances adabadwa mu 1861. Mayi Angeline ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'buku lawo, ndipo bukulo lilipo mpaka lero. Limasonyeza mayi amene ankakhala miyezi yambiri osaona mwamuna wake, akudikira makalata, akusamalira ana ndi okalamba. Zaka zimenezi ndi zimene a Andrews adatchuka. M'chaka cha 1861 adatulutsa buku lalikulu la mbiri ya Sabata, History of the Sabbath. Mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, adatumidwa ku Washington kukapempha boma kuti Aadiventi azindikiridwe ngati anthu osanyamula zida, ndipo pempholi lidavomerezedwa. Kuyambira 1867 mpaka 1869 adali pulezidenti wachitatu wa General Conference, kenako mkonzi wa Review and Herald.

Kunyumba zinthu sizinkayenda mosalala chomwecho. Banjali lidasamukira ku New York ndi kukhazikika mumzinda wa Rochester. Mu 1863 adataya khanda lobadwa masiku osakwana. Charles adali ndi mwendo wopunduka umene unkamulepheretsa kuyenda bwino, ndipo mu 1864 mayi ake adapita naye ku Dansville, kuchipatala cha Dr. James Caleb Jackson kumene ankachiza ndi madzi, zakudya zoyenera ndi kupumula. Adakhala kumeneko masabata ambiri mpaka mwendowo udayamba kuwongoka. Kuchira kwa mwanayu kudasintha kadyedwe ka banja lonse, ndipo bambo ake adakhala mmodzi wa olimbikitsa uthenga wa zaumoyo mumpingo. M'chaka cha 1865 maliro adagwa kawiri: bambo Edward adamwalira ku Iowa, ndipo kamtsikana komaliza, Carrie, kadamwalira ndi kamwazi katangopitirira chaka chimodzi.

Nkhonya yaikulu idabwera mu 1872. Mu Febuluwale mayi Angeline adachita sitiroko. A Andrews adasiya zonse ndi kuwadwazika kwa mwezi wathunthu, koma mu Malichi adamwalira ndipo adaikidwa kumanda a Mount Hope ku Rochester. Charles adali ndi zaka 14, Mary 10. Bambo amene adazolowera kusiya ana m'manja mwa mkazi wake tsopano adayenera kukhala bambo ndi mayi nthawi imodzi. Adasamukira ku Lancaster m'chigawo cha Massachusetts, kumene banja lina la okhulupirira lidathandiza kusunga anawo pamene bambo awo ankakonzanso buku lawo lija, limene lidatulukanso mu 1873.

Atatu pa sitima

Ku Switzerland kudali kale kagulu ka osunga Sabata kamene kadayamba chifukwa cha ulaliki wa Michael Czechowski, wansembe wakale wa ku Poland. Kaguluka kadakhala kakupempha mpingo wa ku America kuti utumize mphunzitsi. Mu Ogasiti 1874 General Conference idasankha a Andrews. Funso lidali lokhudza ana. Akadatha kuwasiya kwa achibale, monga amishonale ambiri a nthawi imeneyo ankachitira. Iwo adasankha kupita nawo. Ana amene adataya mayi sadafune kuwatayitsanso bambo.

Pa 15 Sepitembala 1874 adakwera sitima yotchedwa Atlas ku Boston, pamodzi ndi Adhémar Vuilleumier, mnyamata wa ku Switzerland amene ankabwerera kwawo. Adadzera ku Liverpool, London ndi Paris, ndipo adafika ku Neuchâtel pa 16 Okutobala. Vuto loyamba lidali chilankhulo. A Andrews ankatha kuwerenga Chifalansa, koma kulankhula kudali kovuta kwa munthu wa zaka 45 amene lilime lake lidauma kale ndi Chingerezi. Anawo, makamaka Mary, adachigwira msanga. Apa ndi pamene maudindo adayamba kusinthana. Bambo amene adaphunzitsa mpingo wonse adafika pomadalira khutu ndi lilime la mwana wake wamkazi.

Banjali lidasandutsa nyumba yawo sukulu. Tsiku lililonse ankakhala maola ambiri akuphunzira galamala ya Chifalansa. Pa 24 Disembala 1876 adafika polemba pangano limene onse atatu adasainira. Adagwirizana kuti pakati pawo azilankhula Chifalansa chokha, ndipo Chijeremani chidaloledwa paliponse pamene angakwanitse. Chingerezi chikadabwerera pokhapokha onse atavomereza kuti pali chifukwa chomveka. Chochititsa chidwi m'pepala limeneli ndi chakuti bambo sadalamule ana okha. Adadzimanga nawo pa lamulo lomwelo, nasaina ngati mmodzi wa ophunzira.

Nyuzipepala ya banja

A Andrews adaona kuti munthu mmodzi sangafike m'mizinda yonse ya ku Ulaya ndi miyendo, koma pepala likhoza kufika. Mu Epulo 1876 adasamukira ku Basel, mzinda wodziwika ndi ntchito yosindikiza mabuku, umene uli pamalire a Switzerland, France ndi Germany. Mu Julayi chaka chomwecho idatuluka kope yoyamba ya nyuzipepala ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Les Signes des Temps, kutanthauza zizindikiro za nthawi.

Kuti timvetse ntchito ya anawo, tiyenera kukumbukira mmene ankasindikizira masiku amenewo. Kudalibe kompyuta. Chilembo chilichonse chidali kachitsulo kakekake, ndipo munthu ankatola tizitsuloto m'bokosi kamodzikamodzi, n'kumatisanja chobwerera m'mbuyo mpaka mzere utakwana, mizere mpaka tsamba. Akatero ankadinda pepala loyesera, wina n'kuliwerenga kufunafuna zolakwika, kenako wosanja uja ankazula zilembo zolakwikazo ndi kuikamo zoyenera. Chifalansa chili ndi tizizindikiro tambiri pamwamba pa zilembo, ndipo kamodzi kakasowa, mawu amasintha kapena owerenga amaseka. Nyuzipepala ya mlendo yodzaza ndi zolakwika sakadaiwerenga munthu.

Charles adaphunzira kusanja zilembo ndipo adasanduka msanamira ya ntchitoyo. Mary, ali ndi zaka 14, adayamba kuwerenga mapepala oyesera. Amene adagwira naye ntchito adachitira umboni kuti ankalankhula ngati mwana wobadwira komweko, ndipo ankapeza zolakwika zimene eni chilankhulo adazidumpha. Bambo awo ankalemba, kumasulira, kuyankha makalata ndi kuyenda maulendo a ku Germany, France ndi Italy. Akachoka, ntchito siyinkaima chifukwa ana adalipo. Nyuzipepalayi inkatumizidwa pa positi kumayiko ambiri, kufika m'nyumba zimene mlaliki sadapondemo.

Mtengo umene adalipira

Pano mbiriyi imafuna kuti tiyinene moona. Mpingo udali usadatumizepo mmishonale, ndipo udalibe dongosolo la malipiro a munthu wogwira ntchito kunja. Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo. Zikachedwa, a Andrews ankatenga za m'thumba mwawo kulipira osindikiza, ndipo chimene chinkachepetsedwa ndi chakudya. Banjali linkadalira buledi woyera wogula, phala ndi mbatata, zipatso mwa kamodzikamodzi. M'nyumba mudalibe munthu wamkulu wodziwa kuphika ndi kuyang'anira za pakhomo. Mu Januwale 1877 a Andrews adadwala chibayo, ndipo dokotala amene adawayeza adapeza kuti thupi lawo lidali lofooka chifukwa chosadya mokwanira. Ngati bambo adafika pamenepo, nanga mtsikana amene thupi lake lidali likukula?

Anzawo mu utumiki, kuphatikizapo Ellen White, adawalangiza kuti akwatirenso kuti ana apeze mayi ndipo nyumba ipeze woisamala. Iwo sadathe. Chikondi chawo pa malemu mkazi wawo chidali chisadapole, ndipo chisoni adachisunga mumtima zaka zonse. Mpingo udatumiza othandiza chakumapeto kwa 1877, Maud Sisley pamodzi ndi William ndi Jennie Ings, koma panthawiyi zaka zitatu za usiwa zidali zitadutsa kale.

Palibe amene angakayike kuti a Andrews ankawakonda ana awo. Koma munthu amene sadziwa kudzimvera chisoni kawirikawiri sazindikira msanga kuti amene ali pambali pake atopa. Ana omvera sadandaula. Amaona kholo likudzimana, iwonso n'kumadzimana mwakachetechete, poganiza kuti kutchula njala kapena kutopa ndi kuwonjezera mtolo pa munthu wolemedwa kale. Mary ndi Charles adapereka unyamata wawo mokondwa, koma kudzipereka kwa mwana sikuchotsa udindo wa kholo woona ngati mwanayo wadya, wagona ndiponso wapuma.

Bambo pambali pa bedi

M'chaka cha 1878 Mary adayamba kufooka ndi kutsokomola. A Andrews ataitanidwa ku msonkhano wa General Conference ku Battle Creek, adamutenga kuti akaonedwe kuchipatala cha mpingo chimene Dr. John Harvey Kellogg ankayang'anira. Charles adatsala ku Basel kuti nyuzipepala isaime. Dokotala adapeza kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo chidali chitafika kale patali. Nthawi imeneyo matendawa adalibe mankhwala. Kachilombo koyambitsa TB kadadzatulukiridwa ndi Robert Koch mu 1882, ndipo mankhwala ochiza adadzapezeka m'zaka za m'ma 1940.

Dr. Kellogg adachenjeza a Andrews kuti kukhala pafupi kwambiri ndi wodwalayo kukhoza kuwapatsira matenda. Iwo adamva, koma sadachoke. Mwana ameneyu adasiya kwawo ali ndi zaka 12 kutsatira bambo ake kudziko lachilendo, adaima nawo m'masiku a njala osabwerera m'mbuyo. Kumusiya m'manja mwa ena pa ola lomaliza chidali chinthu chimene mtima wawo sukadalola. Adamudwazika usana ndi usiku kwa masabata angapo. Mary adamwalira pa 27 Novembala 1878 ali ndi zaka 17, ndipo adaikidwa ku Mount Hope pafupi ndi mayi ake ndi mng'ono wake Carrie. Chaka chomwecho William, mng'ono wa a Andrews, adamwaliranso.

Ena anganene kuti bamboyu adalakwa kunyalanyaza malangizo a dokotala, popeza adali ndi mwana wina ndi ntchito yaikulu yowadikira. Ena anganene kuti palibe kholo lenileni likadachita mosiyana. Masiku ano funsoli ndi lopepukirapo, chifukwa TB imachizika wodwala akamwa mankhwala mokhulupirika kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo achipatala amaphunzitsa mmene tingadwazikire m'bale wathu popanda kutenga matenda. Mu 1878 kusankha kudali kowawa: kudziteteza kapena kukhala pambali pa mwana. A Andrews adasankha mwana.

Mayi awoloka nyanja

Atakhala miyezi ingapo ku America, kumene adalalikira potsegulira tchalitchi chachikulu cha Dime Tabernacle ku Battle Creek mu Epulo 1879, adabwerera ku Basel. Adatenga Edith, mwana wa malemu William, kuti akathandize ntchito imene Mary adasiya. Koma thanzi lawo silidabwererenso. Chifuwa chija chidawagwira, ndipo chaka ndi chaka mphamvu zinkatha. Tsopano Charles ndi amene adanyamula bambo ake. Mnyamata amene kale mayi ake adamutengera ku Dansville ali wopunduka mwendo adakhala miyendo ndi manja a kholo lake, akuyendetsa ntchito yosindikiza pamene bambowo ankalemba ali chigonere, ndipo polephera kugwira cholembera ankangotchula mawu ena n'kumalemba.

M'chaka cha 1883 mpingo udatumiza Mbusa B. L. Whitney kukatenga utsogoleri wa mishoni. Pa ulendowo padali munthu wina amene palibe komiti idamutuma kukalalikira: mayi Sarah Andrews, a zaka pafupifupi 80. Adali ataika kale m'manda mwamuna wawo, mwana wawo William, mpongozi wawo ndi zidzukulu. Ulendo wa panyanja udali wotopetsa ngakhale kwa achinyamata, ndipo kumene ankapita sankadziwa chilankhulo chake. Adapita chifukwa mwana wawo wotsala yekhayo ankadwala. Kwa dziko lonse munthuyo adali katswiri wa Baibulo ndi pulezidenti wakale wa General Conference. Kwa mayi Sarah adali John yemwe uja amene adabwerera kunyumba mu 1855 atatheratu mphamvu. Adafika ku Basel mu Julayi ndipo adamusamalira miyezi itatu yomaliza.

John Nevins Andrews adamwalira pa 21 Okutobala 1883, ali ndi zaka 54. Chimodzi mwa zinthu zomaliza zimene adachita ndi kusainira madola 500 amene adawatsalira kuti apite ku ntchito ya mishoni. Adali atapempha kale kuti Review and Herald isadzalembe nkhani yowatamanda, ndipo mkonzi wake, Uriah Smith, amene adakwatira mchemwali wa Angeline, adalemekeza pempholo ngakhale kudali kovuta. Manda awo ali ku Basel. Edith nayenso adamwalira ndi chifuwa chomwecho mu 1885.

Mbewu imene idatsala

Charles adakwatira mtsikana wa komweko, Marie Anne Dietschy, nabwerera ku America kumene adagwira ntchito kunyumba yosindikiza ya Review and Herald mpaka imfa yake mu 1927. Luso limene adaphunzira pothandiza bambo ake ndi limene lidamudyetsa moyo wake wonse. Mwana wake, amene adapatsidwa dzina la agogo ake, adakhala dokotala, nakwatira Dorothy, mwana wa Mbusa W. A. Spicer, ndipo mu 1919 adakatsegula mishoni ku Tatsienlu, kumalire a China ndi Tibet. M'chaka cha 1960 yunivesite ya mpingo ku Berrien Springs idapatsidwa dzina la Andrews, ndipo mu 1998 padaikidwa chosema cha Alan Collins patsogolo pa tchalitchi cha pasukulupo. Wosemayo sadaike munthu mmodzi. Adaika atatu, bambo ndi ana ake awiri, ali padoko kudikira sitima.

Khomo limene banjali lidatsegula ndi lomwe amishonale ena adadzera. Patapita zaka 28, mu 1902, Thomas Branch adafika ku Thyolo pa mishoni imene lero timaitcha Malamulo, ndipo nayenso adabwera ndi banja lake. Mwana wake Mabel ndi amene ankaphunzitsa ana pasukulu ya pamishonipo.

Zimene tingatolepo

Tikamanena za makolo ndi ana, kawirikawiri timaganiza za msewu wolowera mbali imodzi: kholo lilere, lilipire fizi, mwana adzabweze akadzayamba ntchito. Moyo wa a Andrews ukusonyeza kuti thandizo limayenda uku ndi uku pa msinkhu uliwonse. John adanyamula makolo ake ali mnyamata, iwo adamunyamula atadwala. Ana ake adamunyamula ku Basel, iye adanyamula Mary ku Battle Creek, ndipo pomaliza mayi wokalamba ndi mwana wamwamuna adagwirizana kunyamula yemwe adali pakati pawo. Palibe amene adadikira kuti alemere kaye. Chimene aliyense adali nacho, kaya chilankhulo, luso la manja kapena kungokhala pambali pa bedi, ndi chimene adapereka.

Kwa ife ophunzira, izi zikutanthauza kuti kulemekeza makolo, kumene lamulo lachisanu limatiuza, sikuyamba tsiku lolandira digiri. Ambiri tili pano chifukwa wina adagulitsa chimanga, mbuzi kapena ndiwo zamasamba kumsika. Lero lino tikhoza kuwaimbira foni osati pongofuna ndalama, kuwawerengera kalata ya kuchipatala imene yalembedwa m'Chingerezi, kuwaperekeza kukalandira mankhwala, kapena kugwira khasu pa holide m'malo mongogona. Ndipo ngati kholo lathu lidalakwitsapo, monga bambo Edward adachitira, tikumbukire kuti John sadatengere zolakwa za bambo ake, koma sadawakanenso. Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kwa makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mpingo, mbiriyi ili ndi chenjezo. Mwana wodalirika ndi amene savuta kumuiwala. Mtsikana amene amaphika, kulera azing'ono ake, kuimba kwaya ndi kukhoza bwino m'kalasi popanda kudandaula akhoza kukhala kuti watopa kuposa onse. Ntchito ya Mulungu, bizinesi ya banja kapena maphunziro apamwamba sizichotsa kufunika kwa chakudya chokwanira, tulo ndi munthu wofunsa mwana kuti ali bwanji. Amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi tidzakumana ndi ana otere, amene akusenza nyumba zawo pamutu ali ndi zaka 12. Tidzawayamikire, komanso tidzafunse ngati adya. Mpingo nawo ukatuma munthu, uzikumbukira kuti watuma banja lonse, ndipo malipiro ochedwa amafika mpaka pa mbale ya mwana.

Banja la Andrews lidagona m'manda a mayiko awiri, ena ku Rochester, ena ku Basel, nyanja ili pakati. Onse adagona ali ndi chiyembekezo chimodzi, cha tsiku limene makolo ndi ana adzakumananso. Pamene tikudikira tsiku limenelo, makolo athu ndi ana athu tikadali nawo pafupi, ndipo nthawi yowanyamula ndi ino.